NDODO ILIBE MLANDU

Mnzanga wina, amene sindimutchula dzina poopa kuti angaleke kundipatsa moni, wagula ndodo yachinayi yosewerera pool m'zaka ziwiri zokha. Anabwera nayo kuchipinda kwanga Lachiwiri usiku, naitulutsa m'chikwama mwaulemu ngati mkulu wa mpingo akuvundukula mkate wa mgonero, naigoneka pabedi langa, nati, "Achimwene, mavuto anga atha." Mawu omwewa ndinawamva pa ndodo yachiwiri, ndinawamvanso pa yachitatu, ndipo maulendo onsewo ndinagwedeza mutu ndi kuyamikira. Tsono ulendo uno khosi latopa, n'chifukwa chake ndabwereka malo m'magazini ino kuti ndinene poyera zimene ndakhala ndikulephera kunena kuchipinda. Akawerenga adzadzidziwa yekha. Ndikhulupiriranso kuti ena ambiri, ophunzira ndi aphunzitsi omwe, amene timapanikizana nawo pa tebulo lija madzulo, adzaganiza kuti ndikunena iwo. Asavutike ndi kufunsa, ndikunenadi iwo.

Chimene ndikufuna kunena n'chachifupi. Zifukwa zimene osewera pool amapereka posintha ndodo yawo ya masiku onse zilipo zambirimbiri, koma zoona zake n'zochepa, moti mukhoza kuziwerenga pa dzanja limodzi. Zotsalazo ndi nsalu zofunditsa manyazi. Ndipo kusinthasintha kumeneku sikudya ndalama zokha ayi, kumadyanso luso limene munthu anali nalo kale, pakuti luso la pool limakhala pakati pa dzanja ndi ndodo imodzi imene dzanjalo laizolowera. Amene akuona ngati nkhani ya ndodo njopepuka kuti ikhale pakati pa ndakatulo za imfa ndi chikondi m'masamba ano, apirire pang'ono. Pa ndodo zimenezi papita ndalama za chakudya za miyezi ingapo, papita mtedza wa chaka chathunthu wa amayi ake, papitanso ngongole yanga imene mpaka lero sindinaione.

Ndiyambe ndi m'mene zinayambira. Mnzangayu anafika pano ndi ndodo imene anam'patsa malume ake, yakale, ya mtengo wa ash, yakuda ndi thukuta pogwirira, yokhala ndi kachipsera chakumunsi pamene wina anaigwetsera pa simenti. Ndi ndodo imeneyo anatizunza chaka chathunthu, moti enafe tinkaona kuti n'kwanzeru kukhala mbali yake kusiyana ndi kulimbana naye. Pa mpikisano wa mahositelo, iye ndi ine tinasewera awiriawiri mpaka ndime yotsiriza. Mpira wakuda unatsala pakamwa pa bowo lapakati, woyera uli chapafupi, mpira woti ngakhale mwana wa Fomu 1 akadaugwetsa. Anaphonya. Ine ndinali kumbuyo kwake ndipo ndinaona zonse: anadzutsa mutu ndodo isanafike pa mpira, pofuna kuonerera chimwemwe chake chisanabadwe, phewa linatsata mutu, ndodo inatsata phewa. Titatuluka panja anaiyang'ana ndodo ija monga m'mene munthu ayang'anira galu amene wadya nkhuku ya alendo, nati, "Yapindika imeneyi." Ine ndinati, "Eya, ndinaionanso." Bodza limenelo ndilo ndikulilipira mpaka lero. Pasanathe sabata anaigulitsa ndodoyo kwa mnyamata wina amene amasesa pa bala kunja kwa mpanda, pa mtengo wa mabotolo owerengeka.

Tisanakangane, ndivomereze zifukwa zoona. Ndodo ikathyoka, yathyoka, ndipo ikabedwa palibe angakuuzeni kuti muzisewerera chala. Mtengo nawo umapuma ngakhale utadulidwa kalekale: umamwa chinyezi m'dzinja, n'kuuma gwa mu Okutobala, kotero kuti ndodo imene imatsamiritsidwa pakhoma usiku uliwonse, kapena kusiyidwa padzuwa pafupi ndi zenera, imapindikadi. Koma kupindika sikufuna mkangano kapena nkhoswe. Igonekeni pa tebulo muigubuduze: yopindika nsonga yake imavina, yowongoka imangoyenda phee. Mnzanga sanaigubuduze ndodo ya malume ake, ndipo ine sindinamuuze kuti atero, poti tonse awiri tinkadziwa chimene tebulo likadatiyankha.

Chifukwa china choona ndi kusintha kwa masewera enieniwo, pakuti pool si imodzi. Ku America amasewera ndi mipira ikuluikulu, ya mamilimita 57, ndipo ndodo zawo, zambiri za mtengo wa maple, zimakhala ndi nsonga ya mamilimita 12 kapena 13. Pa matebulo a mtundu wa ku England, amene afanana ndi lathuli, mipira ndi ya mamilimita 51, woyera n'kucheperapo pang'ono, pafupi 48, kuti ukagwa m'bowo uzibwerera wokha pamene inzake yatsekeredwa kudikira ndalama ina. Ndodo za matebulo otere zimakhala ndi nsonga yaing'ono, ya mamilimita 8 kapena 9. Munthu amene wasamuka kuchoka pa tebulo lina kunka pa linzake ali ndi mlandu womveka. Chimodzimodzi mnyamata amene anayamba ndi ndodo yaifupi ali wamng'ono, tsopano watalika, kapena amene anagula yoyamba m'chimbulimbuli asanadziwe kulemera kumene mkono wake umafuna. Kusintha kamodzi kotere sindikutsutsa. Koma ndodo yachitatu ya mnzanga inali ya ku America, ya nsonga ya mamilimita 13, yoti azimenyera kampira kathu kakang'ono kaja. Kunali ngati kupalira mbande za pa nazale ndi khasu lolimira mphanje, ndipo chifukwa chogulira chinali chimodzi: anaiona pa foni.

Tsopano ndifotokoze chifukwa chimene ndikunenera kuti kusintha kumadya luso, ndipo anzathu a sayansi andiwongole ngati ndapotoza. Mukamenya mpira woyera pakatikati penipeni, umapita kumene ndodo yaloza. Koma wosewera wodziwa amaumenya chakumbali kawirikawiri, chimene timati saidi, kuti uzungulire ndi kukaima pamene iye afuna utagunda mpira unzake kapena mphira wa m'mphepete mwa tebulo. Tsono mukaumenya chakumanja sutsata mzere wa ndodo, umapatukira pang'ono kumanzere. Mukaumenya chakumanzere umapatukira kumanja. Kukula kwa kupatukaku kumadalira kulemera kwa kachigawo kakutsogolo ka ndodo, kotalika ngati chikhatho ndi zala zake. Kakakhala kolemera, mpira ndiwo umakankhidwira pambali kwambiri. Kakakhala kopepuka, ndodo ndiyo imagonja ndi kupatuka, mpira n'kuyenda pafupi ndi mzere. Motero ndodo iliyonse ili ndi kabodza kakekake, ndipo ndodo ziwiri sizinama mofanana.

Palibe wosewera amene amawerengera zimenezi ndi pensulo. Diso ndi mkono zimaphunzira zokha, pophonya kambirimbiri, mpaka tsiku lina munthu angopeza kuti akuloza pambali pang'ono osadziwa kuti akutero, mpira n'kumagwa. Amayi anu amadziwa mchere wokwanira mphika wawo popanda kuyeza. Apatseni mphika wa eni, ndiwo zilowa mchere. Ndodo zambiri zimalemera pakati pa magalamu 500 ndi 600, koma ziwiri zolemera chimodzimodzi zikhoza kusiyana pamene kulemerako kwakhazikika, kusiyana m'mene zachepera kunka kunsonga, kusiyana kuterera kwake pa zala, ngakhalenso kulira kwake zikagunda mpira. Zonsezi thupi limasunga. Tsiku limene mwasintha ndodo, zimene linasungazo zimasanduka mabodza, ndipo muyenera kuyambanso kulipira sukulu ndi kuphonya. Mnzanga walowa sukulu imeneyi kanayi m'zaka ziwiri, ndipo ulendo uliwonse amaithawa mayeso ali pafupi. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Nanga anayi?

Wina anena kuti, "Koma ine nditagula yatsopano ndinayamba kusewera bwino, ndinaona ndi maso anga." Sindikukana kuti munaona. Funso langa ndi lakuti, munaigula liti? Palibe amagula ndodo pa sabata imene akupambana. Munthu amapita kusitolo pamene zam'thina, pamene waluza masabata atatu otsatizana, ndiye kuti pamene ali pansi penipeni pa masewera ake. Wosewera aliyense amakwera ndi kutsika, ndipo amene wafika pansi, sabata yotsatira kawirikawiri amabwerera pa muyeso wake wa masiku onse, kaya wagula ndodo kaya sanagule. Aphunzitsi a masamu amaphunzitsa zimenezi m'mawa, madzulo n'kuiwala akagwira chikwama cha ndodo. Zifanana ndi munthu wa chimfine amene amamwa mtsitsi pa tsiku limene mphuno zatsekeratu, n'kumatamanda sing'anga pamene chimfinecho chatha pa nthawi yake.

Palinso china. Ndodo yachilendo imakuchititsani mantha pang'ono, ndipo mantha amenewo ndi abwino. Poti simukuidziwa, mumawerama bwinobwino, mumayang'ana kawiri, mumaleka saidi wosafunika, mumasunga mutu pansi mpaka mpira utafika. Kunena mosabisa, mumachita zonse zimene munasiya kuchita ndi ndodo yakale chifukwa cha kuzolowera. Pakatha masabata awiri chilendo chatha, ulesi wanu wakale wapeza njira yobwerera, mutu wayambanso kudzuka, ndipo ndodo yatsopano ija yayamba kupindika m'maso mwanu. Ndinaziona pa ndodo yachiwiri ya mnzanga, ndinaziona pa yachitatu, ndipo ndikhoza kukuuzani tsiku la mwezi uno limene yachinayi iyambe kulakwa.

Nthawi zina chodwala chimakhalapodi pa ndodo, koma chaching'ono ngati njere ya chimanga. Ndikunena tipi, kachikopa kaja ka pansonga. Kachikopa kameneka n'kakale ndithu: mbiri imati anakayambitsa ndi msilikali wa ku France, François Mingaud, cha m'ma 1807, ataphunzira masewerawa ali m'ndende, ndipo kuzunguza mpira konse kumene timanyadira lero kunabadwira pamenepo. Tipi imatha, imaphwatalala, imauma n'kuterera ngati galasi mpaka kukana choko, ndipo ikatero ndodo imaterereka pa mpira ndi kulira koipa kuja kumene kumaseketsa chipinda chonse. Mankhwala ake ndi kuikhula pang'ono, kuibwezera msana wake wozungulira, kapena kumatapo ina, pa mtengo wosafika ndi pang'ono pomwe pa mtengo wa ndodo. Koma ndani wa ife amadziwa kumata tipi? Timadziwa maina a makampani, sitidziwa guluu. Timataya njinga chifukwa tayala laphwa.

Makampaniwo sindikuwanamizira bodza, ndipo pano otsutsana nane ali ndi mfundo yoyenera kuimva. Mu 1994 kampani ya Predator ya ku America inatulutsa theka lakutsogolo la ndodo lotchedwa 314, lolumikiza timizere ta mtengo ndi kuboola m'kati chakunsonga kuti lipepuke, ndipo kupatuka kwa mpira kuja kunachepadi. Mu 2016 kampani yomweyo inatulutsa Revo, ya ulusi wa kaboni, yakuda bii, yosamva chinyezi ndi yosapindika chisawawa, ndipo makampani ena anatsatira. Lero akatswiri ambiri a pool ya ku America amasewera ndi ndodo zakuda zoterezi. Zonsezi n'zoona. Koma taonani chimene ndodo imeneyi imachiza: imachepetsa kupatuka kwa mpira pomenya saidi. Siigwira mutu wanu kuti usadzuke, siiwongola chigongono, siikuuzani mpira woyenera kuyamba nawo. Mpira wakuda wa mnzanga sunafune saidi ngakhale pang'ono. Ndipo theka lokhalo la kaboni limagulidwa madola mazana angapo, ndalama imene kuno ndi fizi ya munthu.

Tikumbukirenso kuti mu 1954, ku Springfield m'chigawo cha Ohio, Willie Mosconi anagwetsa mipira 526 yotsatizana osaphonya, ndi ndodo ya mtengo wamba, zaka 40 Predator isanatulutse 314. Nambala imeneyo inakhala pa mpando mpaka 2019, pamene John Schmidt anafika pa 626. Zaka 65 zimenezo ndodo zinasintha, choko chinasintha, nsalu za matebulo zinasintha, koma nambala inangoti duu, kudikira munthu. Ife amene timaomba m'manja wina akagwetsa mipira isanu, tili ndi chifukwa chanji chonenera kuti mtengo ndiwo ukutibweza?

"Nanga bwanji akatswiri amasintha?" Amasintha chifukwa ena a iwo amalipidwa kuti asinthe. Katswiri akalemba pangano ndi kampani, amanyamula ndodo ya kampaniyo, dzina lake n'kumaonekera bwino pa kanema. Pamene Shane Van Boening anatenga chikho cha dziko lonse cha 9-ball ku Milton Keynes mu 2022, anali pa pangano ndi kampani ya Cuetec, ndipo palibe choipa pamenepo, munthu ayenera kudya. Koma muone kusiyana kwake. Iye ndalama imabwera kwa iye, inu imachoka kwa inu. Iye ntchito yake ndi tebulo, ndipo ali ndi tsiku lonse lophunzitsira mkono wake ndodo yachilendo. Inu muli ndi maola awiri Lachisanu, pa mzere wa anthu khumi, ndalama ya tebulo ili m'manja. Munthu ameneyu anali atatenga kale US Open kasanu pakati pa 2007 ndi 2016. Chimene mukugula poona ndodo yake ndi chithunzi chake, pakuti maola ake sagulitsa m'sitolo.

Ngati mufuna kuphunzira kwa akatswiri, tiyeni tipite ku snooker, m'bale wake wa pool, kumene nkhani za ndodo zimasungidwa bwino. Stephen Hendry wa ku Scotland anatenga chikho cha dziko lonse kasanu ndi kawiri, mu 1990, kuyambira 1992 mpaka 1996, ndiponso mu 1999, ndipo maulendo onsewo anagwira ndodo imodzi, yotsika mtengo, ya mapaundi 40, imene anam'gulira ali mnyamata. Itabedwa mu 1990 pa mpikisano wina ku Reading, panalonjezedwa mphotho ya mapaundi 10,000 kuti ibwerere, ndipo inabwerera. Taganizani, mapaundi 10,000 kuwombola kamtengo ka mapaundi 40, pamene amisiri onse a ku Britain akadam'pangira ina mosangalala! Chimene ankawombola ndi zaka zimene mkono wake unathera pa kamtengoko. Mu 2003 ndodoyo inathyoka pa ulendo wa pandege. Anapambanabe mipikisano ina pambuyo pake, monga British Open ya chaka chomwecho, ndipo sindinganene kuti ndodo yokha ndiyo inam'tsitsa, poti chikho cha dziko lonse anali atachiphonya kale zaka zinayi. Koma anasintha chifukwa chokakamizidwa, ataisunga zaka pafupi 20.

Winanso ndi Alain Robidoux wa ku Canada, amene mu 1997 anafika mu ndime yachiwiri kwa yotsiriza ya mpikisano wa dziko lonse ku Sheffield. Pambuyo pake anatumiza ndodo yake kuti ikakonzedwe, ndipo mmisiri, pokwiya ndi chizindikiro cha kampani ina chimene chinamatidwapo, anaithyolathyola. Nyengo yotsatira inali yomvetsa chisoni, ndipo Robidoux sanabwererenso pamene anafikapo. Wochenjera wina alumpha apa nati, "Mwadzitsutsa nokha! Ndiye kuti ndodo ili ndi ntchito." Inde ili ndi ntchito, ndipo n'chimene ndakhala ndikunena chiyambire. Ndodo imene ili ndi ntchito ndi imene mwakalamba nayo. Amuna awiriwa analira chifukwa tsoka linawalanda chimene inu mukutaya mwadala, n'kulipiranso ndalama kuti muchitaye.

Ndikudziwa dzina limene mwasungira kumapeto, ndipo ndilitchula ndekha: Ronnie O'Sullivan. Mu 2006, ataluza kwa Graeme Dott pa mpikisano wa dziko lonse, anapereka ndodo yake kwa kamnyamata ka m'gulu la oonerera. Mu Januwale 2009 anathyola ndodo yake mpikisano wa Masters uli pafupi, natenga ina, napambana mpikisanowo pogonjetsa Mark Selby 10 kwa 8. Ndavomera. Koma munthu yemweyu mu 1997 anagwetsa mipira 36 osaphonya, napeza mapointi onse 147, m'mphindi 5 ndi masekondi 8, ndipo watenga chikho cha dziko lonse kasanu ndi kawiri. Tsiku limene mudzachite zimenezo, achimwene, bwerani ndidzakuthandizeni kuthyola ndodo pa bondo langa. Nkhani za O'Sullivan zimasimbidwa chifukwa n'zodabwitsa, ndipo chodabwitsa sichikhala lamulo la anthu wamba.

Chatsala chifukwa chimodzi chimene palibe amachitchula, ngakhale ndicho chachikulu pa zonse. Ndodo yakhala chovala. Imalowa m'chipinda mwini wake asanalowe. Taonani m'mene munthu amatsekulira chikwama pang'onopang'ono, m'mene amalumikizira zigawo ziwiri zija akuyang'ana kudenga ngati sakudziwa kuti tonse tikumuona, m'mene amaipukutira ndi kansalu kake. Aphunzitsi ena, amene thumba lawo ndi lakuya kuposa lathu, amabwera ndi ndodo yatsopano akachokera ku msonkhano wa kunja, ndipo ife timasonkhana kuisisita ndi kufunsa mtengo, osafunsa kuti agwetsa mipira ingati. Munthu akaluza ndi ndodo yokongola timamuchitirabe ulemu. Akapambana ndi ndodo ya pakhoma timati ndi mwayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene amasintha ndodo chifukwa chokonda zinthu zokongola, ndalama zili zake, anene poyera kuti ndi wosonkhanitsa ndodo, ndipo ndidzam'lemekeza monga ndilemekezera wosonkhanitsa masitampa. Chimene ndikukana ndi kutcha kugula kuti kuphunzira.

Mwezi wathawu tinapita ku bala kuja kunja kwa mpanda, ndipo tinam'peza mnyamata wosesa uja ali pa tebulo, tsache lili pakhoma. M'manja mwake munali ndodo ya malume, kachipsera kake kali pomwepo, koma pansonga pali tipi yatsopano imene anamata yekha. Zaka ziwiri zonsezi wakhala akusewera ndi ndodo imeneyo m'mawa uliwonse makasitomala asanabwere. Anam'gonjetsa mnzanga katatu kotsatizana, mwaulemu, akunena "pepani bwana" mpira uliwonse ukagwa. Ali m'kati mosewera anaigoneka ndodo ija pa tebulo kuti amange lamba wa nsapato, ndipo inagubuduka yokha pang'ono, phee, nsonga osavina. Ndinaona, mnzanga anaonanso. Pobwerera sitinayankhulane mpaka pa chipata, pamene iye anati, "Tebulo lija ndi lopendekeka." Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinatsala pang'ono kunena kuti eya.

Apa ndiye pali mlandu weniweni, ndipo woimbidwa mlandu ndine pamodzi ndi inu nonse amene mumaima m'mbali mwa tebulo. Munthu sanamiza yekha kwa zaka ziwiri popanda om'thandiza. Mnzathu akaphonya n'kuyang'ana ndodo, timam'patsa bodza limene akulipempha, poti n'lotsika mtengo kwa ife ndipo limasunga mtendere wa madzulo. Kumuuza kuti "mwadzutsa mutu" kumafuna kulimba mtima kwa mphindi imodzi, ndipo ine mphindi imeneyo ndinaisowa. Ndikadanena mawu awiri amenewo usiku wa mpikisano uja, akadakwiya nane masiku atatu, ndodo ya malume ikadakhala m'manja mwake, mtedza wa amayi ake ukadagula zimene anautumizira. M'malo mwake ndinam'kongoza ndalama ya ndodo yachitatu, n'kumadzitcha bwenzi.

Choncho ndikupempha zinthu zochepa kwa aliyense amene chikwama chayamba kumuyabwa. Musanagule, igubuduzeni ndodo yanu pa tebulo pamaso pa mboni. Ikapezeka yowongoka, yang'anani tipi. Tipi ikakhala bwino, ikani mpira woyera pa mzere wapakati, muumenye pakatikati kuti ukagunde mphira wa kutsidya ndi kubwerera pansonga ya ndodo yanu, kakhumi. Ukamabwerera pambali, wodwala mwam'peza, ndipo sagulitsidwa m'sitolo. Pemphani mnzanu aime kumbuyo kwanu ayang'ane mutu ndi chigongono, ndipo mulonjeze kuti simukwiya. Ngati zonsezi zachitika ndipo mukuonabe kuti ndodo siikugwirizana ndi tebulo kapena ndi msinkhu wanu, sinthani, koma sinthani pa nthawi imene mukusewera bwino, kuti mudziwe chimene mukuyerekeza, ndipo mukhale nayo yatsopanoyo chaka chathunthu musanaiweruze. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kwa inu achimwene, mwini nkhani, ndilibe mawu ambiri. Ndodo ya malume sinapindike, munadzutsa mutu. Ndinaona, ndipo ndinakunamizani, pepani. Mwa zitatu zimene zili pansi pa bedi lanu, sankhani imodzi ya nsonga yaing'ono yoyenera tebulo lathu, zinazo mugulitse, mubweze ya mtedza poyamba, yanga idikire. Lachisanu ndifika pa tebulo 4 koloko, anthu asanachuluke. Ndidzaima kumbuyo kwanu, ndipo mukadzutsa mutu ndidzanena.